Agalu a Virchow ndi agalu a ku Lundazi

Galu wosaka ku Lundazi akayamba kupuma movutikila, kutsokomola, kenako n'kugwa pothamangitsa kalulu, ambili timati wina wamudyetsa poizoni. Nthawi zina n'zoona. Koma pali vuto lina limene sitiliganizila: magazi oundana amene atseka mitsempha ya m'mapapo. Ndipo matendawa, amene amaphanso anthu, madokotala anawamvetsa cifukwa ca agalu.

Mu 1846 ku Berlin, dokotala wacinyamata Rudolf Virchow anali kulowetsa tizidutswa ta nyama ndi ta labala mu mtsempha wa pakhosi pa agalu. Powatumbula, anatipeza titatsakamila m'mapapo. Apa anatsimikiza kuti magazi amatha kuundana kwina, monga kumwendo, n'kukokoloka mpaka kumapapo. Inali nkhanza, tisabise, koma panalibe njila yoonela mkati mwa camoyo popanda mpeni.

X-ray ya Wilhelm Röntgen inabwela mu 1895. Imaonetsa bwino mafupa, koma magazi oundana saonekapo. Makina a CT anapima wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo patapita zaka anafika pojambula mapapo mofulumila. Masiku ano amabaya mankhwala owalitsa magazi pacithunzi: cotseka catsopano cimaoneka pakati pa mtsempha, pamene cakale cimamatilila m'mbali ngati cipsela, njila n'kucepa. Mbali yakumanja ya mtima imakankha magazi mpaka kutopa.

Cosangalatsa n'cakuti thupi la galu limasungunula magazi oundana msanga kuposa la munthu. Kenneth Moser ndi anzake ku San Diego anacita kupatsa agalu tranexamic acid kuti cotsekaco cikhalitse, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1991. Ndi mankhwala omwewa amene amapatsa amayi otaya magazi ambili pobeleka. Conco galu akapezeka ndi cotseka cakale, kawilikawili pamakhala matenda ena kumbuyo, monga a impso kapena nyongolotsi za mumtima zofalitsidwa ndi udzudzu.

Kuno kwathu, sukulu ya madokotala a ziweto ya pa UNZA inayamba m'ma 1980, koma ili ku Lusaka, makilomita oposa 700 kucokela ku Lundazi. A veti a m'boma lathu amatanganidwa ndi ng'ombe komanso katemela wa ciwewe, ndipo m'pomveka, pakuti ciwewe cimapha ana. Galu wa mapapo otsekeka amangokwililidwa kuseli kwa khola, mwini wake n'kusiya kupatsa moni mnansi amene akumuganizila.