Kufooka kwa hayidiroliki ya thirakitala

Kufooka kwa hayidiroliki ndi vuto limene limachititsa thirakitala kunyamula pulawo mochedwa kapena kulephereratu. Limachitika kawirikawiri pa mathirakitala akale monga Massey Ferguson 135, imene inayamba kupangidwa mu 1964. Ku Kasungu, kumene amalima fodya wambiri, thirakitala ikafooka mvula yoyamba ili pafupi, kuunga mizere kumachedwa ndipo mbande zimakulira pa nazale.

Zoyambitsa

Pa thirakitala ya mtunduwu, pampu ya hayidiroliki imayamwa oyilo yemweyo amene amagwira ntchito mu giyabokosi. Oyilo akachepa, pampu imayamwa mpweya. Fumbi la m'chilimwe ndi tizitsulo toperepeseka zimatseka sefa, ndipo oyilo amadutsa pang'ono. Nthawi zina valavu yochepetsa mphamvu imakanirira yotsegula, kapena silinda yonyamulira imadontha mkati.

Kufufuza vuto

Amakaniko amayamba ndi zinthu zosafuna ndalama zambiri. Amayeza oyilo thirakitala itaima pamalo athyathyathya. Oyilo wooneka ngati mkaka ndiye kuti walowa madzi, pomwe wa thovu walowa mpweya. Kenako amatsuka sefa n'kuthira oyilo watsopano.

Vuto likapitirira, amanyamula pulawo n'kuzimitsa injini. Ikatsika msanga, ndiye kuti silinda kapena valavu ikudontha. Ikakhala m'mwamba koma inakwera mochedwa, amakayikira pampu, imene imasinthidwa pomaliza chifukwa ndi yokwera mtengo.

Munthu sayenera kulowa pansi pa pulawo yonyamulidwa popanda chochirikizira.