Ola Loyamba M'mlengalenga: Phunziro la Kuulutsa Ndege ndi Phiri la Dedza

M'nkhani yathu ya mbiri lero tikamba za ola limodzi lokha, ola limene munthu amakhala kwa nthawi yoyamba pa mpando wa woyendetsa ndege yaing'ono, mphunzitsi ali pambali pake. Ambiri amayesa kuti ola limeneli ndi longokaona dziko kuchokera kumwamba. Ayi ndithu. Chilichonse chimene mphunzitsi amanena pamenepo chili ndi mbiri yake, ndipo zambiri mwa izo zinadziwika anthu atataya miyoyo. Tatenga Phiri la Dedza kuti litithandize kumvetsa nkhaniyi, pakuti phirili, limene nsonga yake ili mamita 2,198 pamwamba pa nyanja yamchere, laima pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo lili ndi zambiri zophunzitsa munthu wofuna kuuluka.

Tiyambe ndi kumene mwambo wa phunziroli unachokera. Pa 17 December 1903, ku Kitty Hawk m'dziko la Amereka, Orville Wright anauluka masekondi 12 okha pa mtunda wa mamita 37. Iye ndi mkulu wake Wilbur analibe wowaphunzitsa. Ngakhale pambuyo pake, ophunzira ambiri ankangouzidwa zochita ali pansi, kenaka n'kukwera okhaokha. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse anyamata ambirimbiri anafa akuphunzira, asanaone n'komwe mdani. M'chaka cha 1917, Mngerezi wina, Robert Smith-Barry, anakhazikitsa sukulu ku Gosport imene inasintha zinthu. Wophunzira ankagwira chiwongolero, mphunzitsi ali ndi chake, ndipo ankalankhula naye kudzera mu paipi. Chachikulu n'chakuti mphunzitsi ankaika dala ndege pa vuto ali pamwamba kwambiri, kuti wophunzira adziwe kuipulumutsa. Njira imeneyi ndiyo ikutsatidwa mpaka lero.

Kuno kwathu, ndege zina zoyamba kuoneka zinali zotera pamadzi. Sir Alan Cobham anatera pa nyanja yathu m'chaka cha 1928 pa ulendo wake wozungulira Afirika. Mu 1931, C. J. Christowitz, yemwe anali ndi bizinesi ya mtengatenga ku Blantyre, anayamba kutumiza kandege ka mtundu wa Puss Moth pakati pa Blantyre ndi Beira. Kandegeka kankanyamula anthu atatu okha, pamodzi ndi woyendetsa. Ntchito imeneyi inalowa m'manja mwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo mu 1946 kunabadwa Central African Airways, imene ndege zake zazing'ono za mtundu wa Beaver zinkatera pa mabwalo a udzu m'maboma akutali. Kuyambira 1949 mpaka 1950, ndege zikuluzikulu za pamadzi za kampani ya BOAC zinkatera ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Masiku onsewo oyendetsa anali Azungu, ndipo iwo ankaphunzitsana m'makalabu awo monga ya ku Luchenza. Mmalaŵi ankalowa m'ndege ngati wokwera chabe, ndipo ochuluka koposa anali amuna opita ku migodi ya ku Joni pa ndege za Wenela. Chigawo cha Pakati, kuphatikizapo boma la Dedza, chinatumiza ana ake ambiri pa maulendo amenewo.

Tsono tibwere pa phunziro lenilenilo. Ndege zophunzirira zodziwika kwambiri ndi Cessna 152, ya mipando iwiri, ndi Cessna 172, ya mipando inayi, imene inayamba kugulitsidwa mu 1956. Phunziro limayambira pansi, injini isanalire. Mphunzitsi amazungulira ndege yonse pamodzi ndi wophunzira, kuyang'ana mapiko, mchira, matayala ndi oyilo. Kenaka amatenga kabotolo koonekera m'kati, n'kukhetsera mafuta pang'ono kuchokera kunsi kwa phiko, n'kukakweza kuti kuwala kudutsemo. Mafuta a ndege zotere masiku ano amakhala obiriwira ngati thambo. Madzi akalowamo amakhala pansi pa kabotolo, ndipo mphunzitsi amanunkhizanso kuti amve ngati mulibe fungo la palafini.

Wina anganene kuti kumeneku n'kutaya nthawi. Koma ife Amalaŵi tili ndi chifukwa chachikulu cholemekezera kabotolo kameneko. Pa 4 April 1974, ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inanyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, itanyamula abale athu ochokera ku migodi amene ankabwerera kwawo. Itangonyamuka, mainjini ake anatentha kwambiri, ndipo inagwa ikuyesa kubwerera ku bwalo. Anthu 78 anamwalira, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalaŵi. Ofufuza anapeza kuti mafuta ake anali atasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti, amene ali ngati palafini. Ngozi imeneyi inachititsa Pulezidenti Kamuzu Banda kuletsa Wenela kulemba anthu kuno, pa nthawi imene Amalaŵi oposa 100,000 anali ku migodi ya ku South Africa, ndipo kulembako kunayambiranso mu 1977. Taonani mmene mafuta olakwika anagwedezera moyo wa mabanja m'midzi yathu yonse.

Akalowa m'ndege n'kumanga malamba, mphunzitsi amatulutsa pepala lolembapo zoyenera kuchita, n'kumawerenga mzere ndi mzere, ngakhale atauluka zaka makumi atatu. Mwambo umenewu nawonso unabadwa pa maliro. Pa 30 October 1935, ndege yatsopano ya Boeing 299 inagwa ku Wright Field ku Amereka chifukwa oyendetsa, omwe anali akatswiri, anaiwala kumasula loko wa ziwongolero. Anzawo anaona kuti mutu wa munthu sungasunge zonse, choncho analemba mndandanda. Wophunzira amaphunzira pamenepa kuti kuwerenga pepala si manyazi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chimene chimadabwitsa amene anazolowera galimoto n'chakuti pansi ndege imakhotetsedwa ndi mapazi, osati ndi manja. Ikafika pa msewu wake wonyamukira, mphunzitsi amapereka moto wonse, ndipo liwiro likafika pafupifupi makilomita 100 pa ola, amakoka chiwongolero pang'ono, matayala n'kusiya nthaka. Akakwera bwino, amapereka ndege kwa wophunzira ndi mawu omveka, ndipo wophunzira amayankha kuti wailandira, kuti pasakhale mphindi imene aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye wagwira. Ukakoka chiwongolero mphuno ya ndege imakwera, ukakankha imatsika, ukapotozera kumanzere ndege imapendekera komweko n'kukhota. Sachigwira ngati mpini wa khasu, koma ndi zala zokha. Maso amakhala kunja, kumene thambo lakumana ndi dziko. Mphunzitsi amafotokozanso kuti mphuno ikakwezedwa mopitirira, mpweya umaleka kuyenda bwino pamwamba pa mapiko, ndipo mapikowo amaleka kunyamula ndege. Mankhwala ake ndi kutsitsa mphuno, chinthu chimene mtima wa munthu wamantha umakana.

Tiyerekeze kuti ndege yathu yanyamuka ku Lilongwe kulowera kummwera cha kum'mawa. Theka la ola lisanathe, wophunzira aona Phiri la Nkhoma, mtsinje wa Linthipe, mapiri a Chongoni kumene kuli zojambula zakale za pamiyala, ndiponso msewu wa M1 ukuyandikira malire a Mozambique. Kutsogolo kuli Phiri la Dedza ndi nkhalango yake ya paini, ndipo kum'mawa dziko latsetsereka kupita ku Golomoti ndi Mtakataka mpaka kunyanja. Maso amakondwa, koma mphunzitsi amaona zinthu zitatu zimene wophunzira sanazione.

Choyamba ndi kupepuka kwa mpweya. Munthu akamakwera, mpweya umanka nuchepa mphamvu. Injini ya ndege yaing'ono imataya pafupifupi magawo 3 mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kutanthauza kuti pamenepo injini yataya kale magawo ngati 16, ndipo pa nsonga ya phiri yataya oposa 20. Kukatentha, monga m'mwezi wa October, zinthu zimaipiraipira: ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imakwera mwaulesi. N'chifukwa chake mphunzitsi amafunsa kulemera kwa wophunzira ndi katundu wake, ndipo amakonda kuuluka m'mawa kukadali kozizira.

Chachiwiri ndi mphepo. Mwera ukaomba phiri umakwera mbali imodzi n'kutsika mwamphamvu mbali inayo, monga madzi amachitira pa mathithi. Mphepo yotsikayo ikhoza kukokera ndege pansi msanga kuposa mmene injini ingaikwezere. Choncho oyendetsa amaphunzitsidwa kudutsa pamwamba patali ndithu, mamita ngati 600 kukakhala mphepo, ndiponso kuyandikira phiri cham'mbali, osati molunjika, kuti zikavuta athe kukhotera kuchigwa.

Chachitatu, chimene chili choopsa koposa, ndi nkhungu. Anthu a ku Dedza ndi ku Bembeke amadziwa mmene phiri limabisalira m'miyezi ya June ndi July. Munthu akalowa mumtambo saonanso kumene thambo lakumana ndi dziko, ndipo thupi limayamba kumunamiza: amamva ngati ndege yawongoka pamene ikukhota n'kumatsika. Mu 1954, pa yunivesite ya Illinois, anayesa oyendetsa 20 amene sanaphunzire kuuluka poyang'ana zipangizo zokha. Onse analephera kuigwira ndege, ndipo nthawi yawo pakatikati inali masekondi 178, osakwana mphindi zitatu. Ngakhale ndege zazikulupo ndi oyendetsa ozolowera sapeputsa mitambo ya m'mapiri. Tonse tikukumbukira chisoni cha pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa m'nyengo ya mitambo ndi nkhungu, ndipo Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, anamwalira pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Kotero mphunzitsi wabwino akaona Phiri la Dedza lafunda mtambo, amatembenuza ndege kubwerera ku bwalo, ndipo wophunzira amaphunzira pomwepo kuti kuthamanga sikufika.

Pa tsiku loyamba mphunzitsi ndiye amateretsa ndege, wophunzira akutsatira ndi manja mopepuka. Akatera, ola lija limalembedwa m'buku la maulendo, limene woyendetsa amasunga moyo wake wonse. Malamulo a bungwe loona za ndege pa dziko lonse, ICAO, amafuna kuti wolandira chiphaso choyamba akhale wa zaka zosachepera 17, apimidwe ndi dokotala, akhoze mayeso olemba, ndipo auluke maola osachepera 40, ena mwa iwo ali yekha. Maphunzirowa amadya ndalama zambiri, ndipo Amalaŵi ambiri akhala akukawachitira kunja, makamaka ku South Africa.

Komabe khomo linatseguka. Air Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inaima payokha mu 1967, ndiye pang'onopang'ono ana a dziko lino anayamba kukhala pa mpando wa kutsogolo. Kampaniyi inatha mu 2013, ndipo mu 2014 Malawian Airlines inayamba kuuluka mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Mu 2016 Mayi Yolanda Kaunda anakhala kaputeni woyamba wamkazi wa m'Malaŵi, ndipo mu March 2017 iwo ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege kuchokera ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam. Adzukulu a amuna aja ankakwera ndege za Wenela tsopano ndiwo akugwira chiwongolero.

Tsono inu anyamata a pa Dedza Secondary School, sukulu imene yakhala m'tsinde mwa mapiri amenewa kuyambira 1951, ndi inu atsikana ndi anyamata a m'maboma ena onse, ngati mtima wanu uli pa ntchito imeneyi, limbikirani masamu, sayansi, jogalafe ndi Chingerezi, pakuti ndicho chilankhulo cha pa wailesi ya m'ndege. Zolowerani kufunsa, kuwerenga malangizo mpaka kumapeto, ndi kuyang'ana kumwamba m'mawa uliwonse kuti mudziwe mitambo ya kwanu.