Khomo Lotulukira: Mbiri ya Kusintha Kampani ya Lamya ku Britain

Munthu wobwera kumene m'dziko la Britain, kaya ndi namwino amene waitanidwa kudzagwira ntchito m'chipatala cha ku Manchester, kaya ndi wophunzira amene wapeza malo ku Glasgow, akangolandira makiyi a nyumba ya lendi, asanagule mpando kapena poto, mtima wake umayamba wafuna njira yolankhulira ndi abale amene wawasiya kumudzi. Ndipo akamayendera zipupa za nyumbayo amapeza kabokosi koyera kokhomedwa m'munsi, kawirikawiri pafupi ndi khomo lolowera, kamene palembedwa dzina loti Openreach, kapena BT ngati ndi kakale. M'kabokosi kameneka ndimo mumathera chingwe chochokera kunja, ndipo makampani ambiri amene adzamulonjeza intaneti, lamya ndi wailesi ya kanema adzadutsa pa chingwe chomwecho. Lero munthuyo ali ndi ufulu wosankha kampani imene afuna, ndiponso woisiya ikamukhumudwitsa; koma ufulu wachiwiriwu, ufulu wochoka, ndi wadzulodzuloli, unabwera pang'onopang'ono ndi movutikira, ndipo ndimaona kuti ambiri a ife ochokera kwathu timauopa kapena sitiudziwa n'komwe.

Pachiyambi panalibe kusankha. Lamya itafika ku Britain, patangopita zaka zochepa Alexander Graham Bell atailembetsa mu 1876, makampani a anthu wamba ndiwo anayamba kuyala mawaya m'mizinda. Koma mu 1880 bwalo la milandu linagamula kuti lamya ndi mtundu wina wa telegalafu, ndipo popeza lamulo linali litapereka kale telegalafu m'manja mwa Positi Ofesi, makampaniwo anayenera kugwira ntchito mwa chilolezo chake, napereka mtulo wa gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimene ankapeza. Pa 1 Januwale 1912 Positi Ofesi inatenga National Telephone Company, imene inali yaikulu koposa onse, ndipo kwa zaka pafupifupi 70 zotsatira lamya ya dzikoli inali ya mwini mmodzi, kupatula mzinda wa Hull, umene khonsolo yake inasunga lamya yakeyake. N'chifukwa chake kufikira lero timanyumba ta foni ta m'misewu ya Hull n'toyererako, osati tofiira monga ta kwina. M'masiku amenewo munthu sankagula foni, ankachita kubwereka kwa Positi Ofesi, nalipira miyezi itatu iliyonse. Wofuna lamya ankalembetsa dzina nadikira miyezi, ndipo ena ankapatsidwa chingwe chogawana ndi mnansi, kotero kuti ponyamula foni ankatha kumva mnzake ali mkati molankhula, n'kuibwezera pansi kudikira kuti atsirize. Wodandaula analibe kolowera, pakuti kunalibe wogulitsa wachiwiri. Wailesi ya kanema nayonso inabadwa yokha: BBC inayamba kuonetsa zithunzi kuchokera ku Alexandra Palace mu Novembala 1936, laisensi ya kanema inakhazikitsidwa mu 1946, ndipo ITV, yoyamba kupikisana nayo, inadza mu 1955.

Ndipo kunachitika m'masiku a ulamuliro wa Margaret Thatcher kuti boma linatsimikiza mtima kuthyola goli limeneli. Mu 1981 nthambi ya lamya inapatulidwa ku Positi Ofesi nikhala bungwe lakelake lotchedwa British Telecom, mwachidule BT. Mu 1982 kampani ya Mercury inapatsidwa chilolezo chopikisana nalo. Ndipo mu Novembala 1984 magawo a British Telecom oposa theka pang'ono anagulitsidwa kwa anthu, ofesi ya Oftel itaikidwa chaka chomwecho kuti ikhale kapitawo woyang'anira mitengo ndi makhalidwe a malondawa. Komabe, ngakhale pa pepala panali ogulitsa awiri, ndipo kuyambira 1991 chipata chinatsegukira ena ambiri, chingwe cholowa m'nyumba ya munthu wamba chinali chikhalire cha BT, kotero kuti wofuna kuimba kudzera kwa Mercury ankayamba wadina batani lapadera pa foni yake, kwinaku akulipirabe lendi ya chingwe kwa mwini wakale. China chimene chinkamanga anthu ndi nambala, pakuti wosiya kampani ankasiya ndi nambala yomwe. Ndipo mmisiri amene anailemba pa galimoto yake, kapena nkhalamba imene adzukulu ake anailoweza pamtima, sakanalola kutaya chinthu chotere chifukwa cha mapaundi ochepa. Pa mafoni a m'manja ufulu wosamuka ndi nambala unafika mu 1999.

Kumbali ya kanema zinthu zinathamanga. Sky inayamba kuulutsa kudzera pa setilaiti mu Febuluwale 1989, inaphatikizana ndi BSB, kampani ina ya setilaiti, mu 1990, ndipo itagula ufulu woonetsa mpira wa Premier League mu 1992 madishi anachuluka m'makoma a nyumba za anthu wamba. Makampani ena anakumba misewu nayala zingwe zawozawo zosadalira BT, namezana okhaokha mpaka awiri aakulu otsala, NTL ndi Telewest, anakhala mmodzi mu 2006, natenga dzina la Virgin Media mu 2007.

Amene tinali kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino ambiri a ku Malawi ankalowera ku zipatala za Britain, tikukumbukira kuti mpikisano wonsewu sunkatikhudza kwenikweni, pakuti kuimba pa +265 ndi lamya ya m'nyumba kunali kotha ndalama. Chimene tinkadalira ndi khadi logula pa golosale ya pakona, lokanda ndi ndalama yachitsulo kuti manambala obisika aoneke. Unkaimba nambala yofikira, nulowetsa manambala a pakhadipo, nulowetsanso nambala ya kumudzi, ndipo mawu a m'makina akakuuza mphindi zimene watsala nazo, unkayamba kusankha mumtima nkhani zoti ziyambe ndi zoti zidikire mwezi wamawa. Kumudzi nako foni inali ya ochepa, pakuti TNM inali itangoyamba mu 1995 ndi Celtel mu 1999, ndipo uthenga unkatumizidwa dzulo lake kuti amayi akadikire kunyumba kwa aphunzitsi pa nthawi yakuti. Kenaka kunabwera Skype mu 2003, kunabweranso makadi a SIM a Lebara ndi Lycamobile, olunjika anthu obwera. Ndipo WhatsApp itayamba kulola kuimba mu 2015 zonse zinatembenuka, kotero kuti intaneti ya m'nyumba, imene kale inali ya mwanaalirenji, inasanduka njira imene timamvera nkhani pa Zodiak, timaonera ukwati wa mphwathu, ndi kuperekeza maliro amene sitinathe kukafikapo. Kuyambira pamenepo nkhani ya makampaniwa inakhala yathu.

Chimene chinatsegula msika wa intaneti chinachitika mwakachetechete. Ofcom, imene inalowa m'malo mwa Oftel kumapeto kwa 2003, inaona kuti sipangakhale mpikisano weniweni pamene mwini chingwe ali yemwenso akupikisana ndi obwereka chingwecho. Ndipo BT, poopa kuti ingagawidwe pakati, inavomera kupatula nthambi yosamalira mawaya, mapolo ndi mabokosi obiriwira a m'misewu, imene inayamba ntchito mu Januwale 2006 pa dzina la Openreach, ndi lamulo lakuti izitumikira makampani onse mosakondera. M'chaka chomwecho TalkTalk ndi Sky anatsitsa mitengo ya intaneti kotero kuti ena onse anatsatira. Tsono apa pali nzeru imene mlendo aliyense ayenera kuigwira: munthu akachoka ku kampani ina kupita ku inzake pa chingwe cha Openreach, wasintha womutumizira bilu ndi woyankha madandaulo ake, koma waya ndi yemweyo, ndipo mmisiri wodzakonza chingwe chikaonongeka ndi wa Openreach yemweyo. Wosamuka chifukwa chakuti intaneti ikuchedwa pa waya wakale wamkuwa kawirikawiri amakapeza kuchedwa komweko kumene wapita, pokhapokha atalowa pa chingwe cha fibre chofika m'nyumba, kapena pa kampani ya chingwe chakechake. M'nyengo yomweyo makampani anaphunzira kumanga lamya, intaneti ndi kanema pa mtolo umodzi. Ndipo ngakhale mtolowo umatsikirako mtengo, ine sindiuyamikira kwambiri, pakuti banja lofuna kusiya intaneti yokha limabwerera m'mbuyo likaganizira mpira wa Loweruka ndi makatuni a ana.

Chovuta chachikulu chinatsalira pa kutuluka. Kwa zaka zambiri wofuna kusamutsa intaneti yake ankayenera kupempha nambala yapadera yotchedwa MAC kwa kampani yomwe akuisiyayo, imene inalibe chifukwa chilichonse chofulumirira. N'chifukwa chake mu Febuluwale 2007 Ofcom inalamula kuti nambalayo izitulutsidwa pasanathe masiku 5 a ntchito. Amene anaimbapo foni yotsanzika akuidziwa bwino: umadikira nyimbo ikulira m'khutu, nuperekedwa kwa wina, amene amakupatsiranso kwa wina, mpaka ufike kwa mnyamata wa mawu ofatsa amene ntchito yake yonse ndiyo kukubweza, amakufunsa chimene chalakwika, nakukumbutsa zaka zimene mwakhala pamodzi, ndipo potsiriza amatulutsa mtengo wotsika umene sunaumvepo masiku onse amene unali chete. Kwa anthu amene tinaleredwa kuti munthu akakupempha mwaulemu sumukanira pamaso, ndiponso amene timati kwa eni kulibe mkuwe, mayeso amenewa ndi olemera ndithu, ndipo ambiri ankaika foni pansi atavomera pangano lina la miyezi 18.

Mu Juni 2015 MAC inathetsedwa, ndipo kunakhazikitsidwa kuti kampani yatsopano ndiyo iziyendetsa msamuko. Koma izi zinali pa chingwe cha Openreach, kotero kuti wochoka ku Virgin Media kapena wopita kumeneko ankayenerabe kutsanzika yekha ndi kulinganiza masiku, kuopa kulipira kuwiri kapena kugona masiku wopanda intaneti. Kuyambira 1 Julayi 2019 wa foni ya m'manja amangotumiza uthenga wa mawu oti PAC ku 65075, nalandira nambala yokhala masiku 30, yokapereka ku kampani yatsopano. Ndipo dongosolo la One Touch Switch, limene Ofcom inalamula kuti liyambe mu Epulo 2023 koma makampani analephera kulikonza pa nthawi yake, linayamba pa 12 Seputembala 2024. Tsopano, chingwe chikhale cha yani, munthu amalankhula ndi kampani imene akupitako yokha, ndipo yakaleyo imangomudziwitsa zimene atsala nazo kulipira ndi zimene adzataya pochoka.

Khomo litatseguka chotere, panatsala msampha wa mtengo. Chizolowezi cha malondawa n'chakuti watsopano amakopedwa ndi mtengo wotsika kwa miyezi 12, 18 kapena 24, ndipo pangano likatha mtengo umakwera wokha, kotero kuti wokhulupirika amene sasuntha ndiye amalipira koposa onse. N'chinthu chosemphana ndi zimene tinazolowera kwathu, kumene kasitomala wakale pamsika ndiye amapatsidwa banyira. Apa ndipo pamene anthu athu amaonongera ndalama zambiri, poyesa kuti kukhalitsa kudzawapezetsa chisomo. Mu 2018 bungwe la Citizens Advice linakatula dandaulo lalikulu la nkhaniyi ku bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, ndipo kuyambira Febuluwale 2020 kampani iliyonse iyenera kuchenjeza kasitomala pangano lisanathe, ndi kumuuza mitengo yabwino imene ili nayo. Panalinso mwambo wokweza mtengo pakati pa pangano, pa mlingo wa kukwera mitengo kwa zinthu m'dziko kuonjezapo 3.9 peresenti, umene mu 2023 unakweza mabilu a makampani ena aakulu ndi 14.4 peresenti, koma kuyambira 17 Januwale 2025 mapangano atsopano ayenera kunena kukwerako m'mapaundi ndi mapeni munthu asanasaine.

Malamulo onsewa analembedwa poganizira munthu wokhazikika, ndipo mlendo ali ndi zakezake zimene lamulo silinamuchotsere. Kampani imafufuza mbiri yake ya ngongole, imene iye alibe pokhala wafika kumene. Nyumba yake ingakhale ya lendi ya miyezi 6 pamene pangano ndi la miyezi 24, ndipo wochoka nthawi isanakwane amalipitsidwa chindapusa cholingana ndi miyezi yotsalayo. N'chifukwa chake mtengo wokoma wa pa chipepala cholowetsedwa pakhomo suyenera kuthamangiridwa, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pangano la mwezi ndi mwezi, lingakhale lokwererapo, limamuyenera amene sadziwa kumene adzagona chaka chamawa. Wosaina pa foni kapena pa intaneti ali ndi masiku 14 osinthira maganizo. Rauta ya kampani yakale nthawi zambiri iyenera kubwezedwa, ndipo kanema wolipira nthawi zina amafuna kutsanzikidwa payekha. Laisensi ya kanema, imene inafika pa £174.50 mu Epulo 2025, ilibe kanthu ndi kampani imene munthu ali: imalipiridwa ndi nyumba iliyonse yoonera mapulogalamu pa nthawi imene akuulutsidwa, kapena yoonera BBC iPlayer. Lamya yakale nayo ili kumapeto, pakuti BT inalengeza kuti idzaitseka pofika Januwale 2027, ndipo foni ya m'nyumba idzayamba kudzera mu rauta, kutanthauza kuti magetsi akazima nayonso idzazima. Banja lokhala ndi wodwala kapena wokalamba lifunse za ichi lisanasamuke.

Tsono inu abale anga okhala ku Leicester, ku Leeds, ku Edinburgh ndi kwina konse, amene paundi iliyonse yotsala imakasanduka fizi ya mwana kapena thumba la feteleza kumudzi, ndikupemphani kuti mutulutse kalata ya pangano lanu sabata ino, muone tsiku limene linatha kapena lidzathe, ndipo ngati linatha kale, funsani mitengo ya ena popanda manyazi. Ndipo mukamva kuti mnzathu wina wafika, khalani naye pansi muwerenge naye pangano lonse asanasaine.