Khutu ndilo silimva, munthuyo amamva

Mwana akatchedwa wosamva, tonse timadziwa kuti makutu ake ali bwinobwino, chavuta ndi khalidwe. N'chifukwa chake zimandiwawa mawu omwewa akamanenedwa kwa munthu amene wachotsedwa chotupa cha pa mtsempha wa khutu, chimene madokotala amati acoustic neuroma.

Chotupachi chimamera pa mtsempha wochokera m'kati mwa khutu kupita ku ubongo, womwe umanyamula mawu komanso kuthandiza thupi kuyenda osadzandira. Si khansa ndipo sichifalikira m'thupi, choncho amene amalengeza kuti "ali ndi khansa ya m'mutu" akungoopseza banja. Komabe pochichotsa, khutu la mbali imeneyo kawirikawiri limagontheratu. Njira ina ya opaleshoni, yomwe William House anaitchukitsa ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1960, imadutsa m'kati mwenimweni mwa khutu, ndipo wodwala amauzidwiratu kuti khutulo silidzamvanso.

Wotsala ndi khutu limodzi amamva ndithu, kungoti sadziwa kumene mawu akuchokera. Mukamuitana pamsika amacheukira kwina. Paukwati, aliyense akamalankhula, mawu amangomusokonekera. Tikati "agogo ndi osamva" tawaimba mlandu wa mwano. Tikati "gonthi" tawalanda ndi khutu lomwe latsala. Chichewa cholondola ndi ichi: "Khutu lawo lakumanzere silimva." Chiganizo chimenechi chimaloza pamene pali vuto, ndipo mlendo amadziwiratu mbali yoti akhale pocheza nawo.

Mawu ena amene tawapeputsa ndi "achira". Makolo anasiyanitsa bwino: chilonda chimapola, munthu amachira. Chilonda cha kuseri kwa khutu chimapola m'masabata ochepa, koma mwini wake amakhala akadali pa ulendo. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa pafupi ndi chotupacho, ndipo ukakhudzidwa kamwa limapotokera mbali imodzi, diso limakana kutsinzina mpaka kuuma, moti limafuna mankhwala odontheza tsiku ndi tsiku. Mtsemphawu ukhoza kutenga miyezi, chaka, mwinanso osabwereramo kwathunthu. Ena m'khutu mumangolira usana ndi usiku. Ambiri kukada amadzandira, poti maso amene amawathandiza kuima masana saonanso njira.

Tsono achibale akalengeza kutchalitchi kuti "achira", pakatha miyezi munthu uja akalephera kupalira timati ulesi, akadzandira timati walawa. Bodza lathu lomwe lija ndilo labala miseche. Pomwe tili ndi mawu oona, ofatsa: "Chilonda chapola, eni ake akupezako bwino pang'onopang'ono."

Abusa, anamwino ndi inu olemba nkhani, anthu amatengera kalankhulidwe kanu. Musanati "achira", afunseni eni ake mmene akupezera, ndipo pofunsapo khalani mbali ya khutu lomwe limamva.