Thandai

Thandai ndi chakumwa chozizira cha mkaka, mtedza ndi zonunkhiritsa, chotchuka kumpoto kwa India, makamaka ku Uttar Pradesh ndi ku Rajasthan. Mzinda wa Varanasi umadziwika nacho kwambiri. Ahindu amachimwa pa chikondwerero cha Holi, chomwe kawirikawiri chimagwa m'mwezi wa Malichi, komanso pa Maha Shivaratri.

Mtedza wake ndi almond, pistachio ndi cashew. Amaphatikizapo nthanga za vwende, njere za poppy, fennel, cardamom, tsabola wakuda, maluwa ouma a rozi ndi tiulusi ta saffron.

Pokonza pakhomo, mtedza ndi njere zimaviikidwa m'madzi kwa maola angapo, ngakhale usiku wonse. Almond akafewa, khungu lake lofiirira limasupuka ukangomufinya ndi zala ziwiri. Kenako zonse zimaperedwa mpaka zitasalala ngati chiponde. Kale ankapera pamphero. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito blender. Apa ndiye pagona luso, chifukwa kupera kothamanga kumasiya timisere tokanda kukhosi. Phalalo amalisungunula mumkaka wowiritsa wothira shuga, nkulisiya likhazikike kuti fungo lilowerere, kenako amasefa ndi kansalu kopyapyala ndi kuika mufiriji. Tsabolayo asachuluke, koma asasowenso, poti ndi amene amadula kutsekemera kwa mkaka.

Pa Holi ena amathiramo bhang, phala la masamba a chamba, ndipo thandai wotere amaledzeretsa. Ana amapatsidwa wopanda bhang.