Msonkho ndi Malipiro a Wanchito m'Dziko la Fort Jameson

Msonkho unalowa m'dziko lino pambuyo pa nkhondo. M'caka ca 1898 asilikari ocokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Mwana wace Nsingo anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Caka cotsatira boma linamangidwa pa Fort Jameson, pamene lero pali Chipata, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa British South Africa Company. M'caka ca 1901 anayamba kusonkhetsa msonkho wa nyumba, masheleni 3 pa caka.

Masheleni atatu aoneka ocepa, koma anthu a masiku amenewo analibe ndalama. Cuma cao cinali ng'ombe, mbuzi ndi nkhokwe, ndipo ng'ombezo zinali zitapita. Dziko lalikulu lozungulira boma linali m'manja mwa North Charterland Exploration Company. Tsono munthu wofuna sheleni anali ndi njira imodzi yokha, ndiyo kukagwira nchito kwa Mzungu. Ici sicinacitike mwangozi. Kampani inafuna anchito a m'migodi ya Southern Rhodesia, ndipo msonkho ndiwo unali mkwapulo wowaturutsa m'midzi. M'caka ca 1920 msonkho unakwezedwa kwambiri, m'madera ambiri kawiri, ndipo amuna oyenda pansi ulendo wa ku Salisbury ndi ku Wankie anacuruka.

Wolephera kukhoma sanali kuiwalika, pakuti dzina lace linali m'buku la boma, ndipo akulu anati mlandu suola. Amesenjala anali kufika pamudzi ndi kumanga osakhoma. M'zaka zoyamba nyumba za ena zinatenthedwa. Ena anaponyedwa m'ndende, ena anatumidwa kukalambula miseu kapena kukasenza katundu wa ulendo. Panalinso njira ina yooneka yofatsa. Wolemba anthu a cibalo, kapena mwini munda wa fodya, anali kumlipirira munthu msonkho wace, ndi kudula ndalamazo pa malipiro ace. Motero munthu anayamba nchito ali kale ndi ngongole, ndipo sanathe kucoka kufikira itatha. Ku Nyasaland lamulo linanena poyera: wogwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi anakhoma theka la msonkho, ndipo lamulo ili linakhala kufikira 1921.

Kumasuka kwa malipiro a wanchito kunadza pang'ono pang'ono, ndipo kunacokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali ya kunja. M'caka ca 1930 maiko osonkhana ku Geneva m'bungwe loona za anchito, la International Labour Organisation, anapangana kuti nchito yokakamiza ithe, ndi kuti kugwiritsa munthu nchito m'malo mwa msonkho kuleke pang'ono pang'ono. Britain anabvomera panganolo m'caka ca 1931, pamene dziko lino linali litacoka kale m'manja mwa Kampani kuyambira 1924. M'caka ca 1949 bungwe lomwelo linapanganso pangano lochinjiriza malipiro: kuti malipiro asagwidwe cifukwa ca ngongole koma monga mwa lamulo la dziko, ndi kuti wanchito asiyiridwe zokwanira kudyetsa iye mwini ndi banja lace.

Mbali yaciwiri inali ya anthu eni ace. M'mwezi wa May 1935 boma linatsitsa msonkho wa kumidzi, koma linakweza wa ku migodi ya mkuwa kucokera pa 12/6 kufika pa 15/-, caka cili pakati, ndiponso popanda kufotokozera anthu bwino. Anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope anataya zida. Pa Roan Antelope, ku Luanshya, apolisi anaombera mfuti, ndipo anthu 6 anafa. Boma linaika akulu ofufuza, wotsogolera wao Sir Alison Russell, ndipo cinadziwika kuti msonkho wosanenedwa bwino ungathe kuimitsa migodi. Kuyambira 1936 mafumu analoledwa kukhala ndi thumba lao, momwe munalowa gawo la msonkho. M'caka ca 1941 boma linagula dziko la North Charterland, ndipo anthu opanikizana m'malo ocepa amene anawapatsa kale anayamba kusamutsidwa. Pambuyo pace dera la Chipangali linakhala limodzi la malo okhazikamo alimi. Munthu wogulitsa nsawa ndi cimanga cace anatha kukhoma msonkho osasiya mkazi ndi ana.

Cizindikiro ca msonkho wakale cinali citupa, cimene mwamuna ali yense anayenera kuyenda naco. M'caka ca 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu ambiri anatentha zitupa zao, ndipo msonkho wokhoma anthu akuda okha unatha m'nyengo ya ufulu wa 1964.

Koma kudula msonkho pa malipiro sikunathe, kunangolowa m'lamulo. Lero mphunzitsi ali yense aona msonkho utacotsedwa kale pa pepala lace la malipiro, monga mwa kukula kwa malipirowo. Zambia Revenue Authority, imene inayamba nchito m'caka ca 1994, ili ndi mphamvu yolamula wolemba nchito kapena banki kuti apereke ndalama za munthu amene ali ndi ngongole ya msonkho. Kusiyana kwace ndi uku: munthuyo angathe kulemba kalata yokana ciwerengeroco, angathe kukadandaula ku Tax Appeals Tribunal, ndiponso angathe kupempha kuti alipire pang'ono pang'ono. Wobisa kalata ya boma pansi pa mphasa ndiye amene malipiro ace agwidwa. Woyankha msanga apeza pokambira.

Aphunzitsi pophunzitsa mbiri iyi asalekere pa zaka ndi maina okha. Atume ana kukafunsa akulu a kwa Kapatamoyo, Mnukwa, Chanje ndi Mkanda za makolo amene anapita ku Walale cifukwa ca msonkho, angati anabwera ndi angati anachona. Mayankho alembedwe m'buku la sukulu, pakuti odziwa nkhani zimenezi acepa caka ndi caka.