Umboni

Mawu akuti umboni amachokera ku mboni, ndipo tsinde lake ndi kuona. Pabwalo la mfumu ku Ngabu kapena kwa Tengani, wongomva za m'maluwa sapatsidwa mpata. Amene amaimirira ndi uja anaona ndi maso ake.

Namwino wa pachipatala cha Trinity ku Muona kapena cha St Montfort ku Nchalo akafuna ntchito ku Britain, amakumana ndi mawu omwewa papepala. Bungwe la Nursing and Midwifery Council la kumeneko silimulembetsa popanda umboni wa khalidwe lake, ndipo umachokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Madokotala amautenga ku Medical Council of Malawi. Satifiketi imanena za maphunziro, pomwe umboni umanena ngati munthuyo anapalamulapo pantchito.

Olemba ntchito amafunanso kalata ya amene ankamuyang'anira. Apa tanthauzo lakale lija limagwira ntchito ndithu. Woyenera kusaina ndi metroni amene anamuona akusintha madiripi usiku wonse nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, thukuta la m'Chigwa cha Shire lili kamukamu. Kalata ya amalume, ngakhale atamukonda chotani, saiwerengera.